Madzi a m'mipope akubwera ofiira

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za madzi a m'mipope kuno kwathu. Akasiya kutuluka masiku awiri, pobwerera amakhala ofiira ngati a m'chithaphwi, ndipo mukawasiya m'ndowa usiku, m'mawa mupeza matope pansi. Paipi yomwe inaphulika pafupi ndi ngalande ya zonyansa yatha mwezi osakonzedwa. Madzi akasiya, paipi yotere imayamwa uve wapanja n'kuubweretsa m'nyumba zathu.

Sitinaiwale za ku Area 18 ku Lilongwe mu 2017, pomwe zonyansa za m'suweji zinalowa m'mipope ya anthu. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno. Amati tiziwiritsa madzi, koma makala ake tiwagula ndi chiyani? Bilu timalipira mwezi uliwonse. Eni ake abwere adzakonze paipiyi, ayeze madziwa, atiuze zomwe apeza.

Mayi wa ana atatu