Ulemu wa Ethel Fenwick mwaupereka kwa Nightingale

Akonzi,

Ndakhumudwa ndi nkhani imene munatulutsa pa 12 May, tsiku lokumbukira anamwino, m'mene mlembi wanu ananena motsimikiza kuti Florence Nightingale ndiye anayambitsa kaundula wa anamwino ku Britain. Chiganizocho ndinachiwerenga katatu, ndikupukuta magalasi, poganiza kuti mwina ukalamba wayamba kundinamiza. Nightingale ankatsutsa ganizo limenelo, ndipo anamwalira mu 1910 lamulo lake lisanakhazikitsidwe n'komwe. Amene anamenyera nkhondo kaundulayo kwa zaka zoposa 30 ndi Ethel Gordon Fenwick, yemwe dzina lake linasowa malo m'nkhani yonseyo, koma chithunzi cha nyali ya Nightingale munachipezera theka la tsamba.

Fenwick anakhala mkulu wa anamwino pachipatala cha St Bartholomew's ku London mu 1881 ali ndi zaka 24 zokha. Mu 1893 anayamba kuyendetsa magazini ya Nursing Record, yomwe inayamba kutuluka mu 1888, ndipo mu 1902 anaisintha dzina kukhala British Journal of Nursing. Kudzera m'magaziniyi ankakangana ndi madokotala komanso akuluakulu a zipatala amene sankafuna kuti namwino wophunzira asiyanitsidwe ndi aliyense wovala yunifolomu, mpaka nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la kaundula mu 1919. Kaundulayo atatsegulidwa, nambala 1 inali yake. Ngati mawu a nkhalamba ngati ine simuwakhulupirira, funsani bungwe la anamwino a padziko lonse la International Council of Nurses, lomwe limatsogolera chikumbutso cha 12 May chomwecho, kuti analiyambitsa ndani mu 1899.

Sindikuchepetsa Nightingale ayi, ntchito yake ku nkhondo ya ku Crimea ndi yodziwika. Chondiwawa n'chakuti chaka ndi chaka timangoyatsa nyali n'kujambulitsa, ndipo ophunzira amene ndinkawalangiza m'mawodi ankatha kulakatula lumbiro lonse la anamwino pamtima, koma ukawafunsa chiyambi cha nambala imene amanyadira pa satifiketi yawo ankangoyang'ana pansi. Magazini a unamwino nawo amangotuwa ndi fumbi m'malaibulale, ndiye atolankhani tingawadzudzule bwanji okha?

Komabe cholakwacho ndi chanu. Chikonzeni patsamba lomwelo, osati m'kangodya ka pansi pa zotsatsa malonda, ndipo chaka chamawa mum'patse Fenwick malo amene munapatsa nyali aja.

Ndine wanu,
Namwino wopuma pantchito