Kolorini asiyeni, tikambe za matope amene akulowa m'madzi athu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa uthenga wina umene ukuzungulira mmagulupu a WhatsApp, woti kolorini amene amathira mmadzi a pa mpope akuyambitsa khansa nde anthu asiye kumwa madzi onunkha mankhwala. Ine ndinaphunzitsa sayansi ku sekondale zaka zambiri ndipo nkhaniyi yandikhudza chifukwa sabata yatha mayi wina woyandikana naye nyumba, amene amatunga pa chitsime mpope ukauma, anandiuza kuti wasiya kuthira mankhwala a kolorini aja otchedwa WaterGuard mu ndowa yake poti gulupu ya kutchalitchi yanena. Ndipo ali ndi ana atatu ang'onoang'ono, wina akadali kubere.

Uthengawo sikuti ndi bodza lokhalokha ayi, nde nchifukwa chake ndi woopsa. Zoona zake nzakuti kolorini akakumana ndi zinyalala zowola za mmadzi, masamba ovunda, udzu, ndowe, matope a mminda, amapanga timankhwala tina timene asayansi amati trihalomethanes, ndipo chodziwika kwambiri mwa izo ndi chloroform. Anazitulukira ndi Johannes Rook mu 1974 akuyeza madzi a mumzinda wa Rotterdam ku Netherlands, ndipo kuchokera pamenepo mayiko anayamba kuika malire. Ku America samalola timankhwalati kupitirira ma microgram 80 pa lita imodzi ya madzi, ku European Union ndi 100 (microgram ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a gramu). Akafukufuku ena apeza kuti anthu amene amwa madzi okhala ndi timankhwalati tambiri kwa zaka makumi angapo chiopsezo cha khansa ya chikhodzodzo chimakwerako pang'ono. Mawu ofunika apa ndi zaka makumi angapo komanso pang'ono.

Tsopano tayerekezani ndi kolera. Kolera sadikira zaka 30, amatha kumaliza mwana tsiku limodzi lokha, mmawa akusewera usiku mukumunyamula pa kabaza kupita ku chipatala maso atalowa mkati. Mliri umene unayamba mu 2022 nkupitirira mpaka 2023 unatenga anthu oposa 1,700 mdziko muno, tinawaika tokha mmanda opanda ngakhale mwambo wa maliro weniweni, sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023 chifukwa cha matenda omwewa, taiwala kale? Bungwe la WHO lomwe limanena poyera kuti musachepetse kupha tizilombo mmadzi chifukwa choopa timankhwala timeneti. Nde amene akufalitsa uthengawu akutiuza kuti tithawe utsi tikagwere pa moto.

Koma a Mkonzi sindikufuna kuti mabodi a madzi awerenge kalatayi nkuomba mmanja kuti aphunzitsi atiikira kumbuyo, ayi. Vuto lenileni lili pa zimene zili mmadzi kolorini asanathiridwe. Madzi akakhala oyera bwino kolorini amangopha tizilombo nkutsala pang'ono woteteza mmapaipi. Koma madzi akabwera ofiira ngati thobwa, monga zimakhalira Januwale ndi Febuluwale mvula ikamakokolola minda, pamafunika kolorini wambiri ndipo timankhwala tija timapangikanso tambiri. Nchifukwa chake kumalo oyeretsera madzi amayamba athira mankhwala otchedwa alum kuti matope aundane nkukhala pansi, kenako nkusefa pa mchenga, kolorini nkubwera pomaliza. Ndondomekoyi ikafupikitsidwa, kaya chifukwa mankhwala achepa kaya magetsi azima, ndipamene timamwa zosayenera. Kwathu kuno mvula ikagwa usiku, mmawa ndimatsegula mpope nkudzaza chigubu, pakapita maola awiri pansi pa chigubucho mumaona matope okhuthala oti mungalembepo ndi chala, koma fungo la kolorini lili phuu kufika mmphuno. Kuthira mankhwala ambiri pa madzi akuda sikuyeretsa, nkungobisa.

Ndipo matopewo akuchokera kuti, si kwa ife tomwe? Madzi a mu Lilongwe amachokera ku Dzalanyama kudzera mmadamu a Kamuzu, koma taonani njinga za makala zimene zimatsika kuchokera kumeneko mbandakucha uliwonse, mpaka boma linafika potumizako asilikali kukalondera nkhalango. Ku Blantyre phiri la Ndirande linametedwa mpala ndipo dothi lake limathera mu damu la Mudi, pomwe madzi ambiri a mumzindawo amapopedwa kuchokera mu Shire ku Walker's Ferry, mtsinje umene nthawi ya dzinja umanyamula dothi la minda ya maboma angapo. Thumba lililonse la makala timagula lija tikulipiranso kachiwiri ku mpope.

Chimene ndikupempha ndi ichi, mabodi onse a madzi aziyeza timankhwalati makamaka nthawi ya mvula ndi kumalekezero a mapaipi kumene madzi amafika atakhalitsa, chifukwa akamakhalitsa mupaipi ndi mmathanki otentha timapitirizabe kupangika, ndipo zotsatira zake azitisindikizira munyuzipepala ngati ino mu Chichewa chomveka. Bilu amatha kutitumizira pa foni mwezi uliwonse osaphonya, nanga kutiuza zimene tikumwa kwavuta pati? A Malawi Bureau of Standards nawonso atiuze malire amene dziko lino limatsata ndi kangati amapita kukayeza. Anthu akamauzidwa zoona mabodza a pa WhatsApp sapeza pokhala.

Mayi uja ndinapita kwawo Lamlungu madzulo ndi kansalu koyera. Tinatunga pa chitsime, tinasiya madzi adikhe, tinatsanulira mu ndowa ina kudzera pa kansalu kaja matope nkutsala pansi, kenako ndipamene tinathira WaterGuard molingana ndi muyeso wolembedwa pa botolo nkudikira mphindi 30 tisanamwe. Ndinamuuzanso kuti akafuna fungo lichepe asachepetse mankhwala, angodikira kanthawi madzi ali ovundikira bwino. Anavomera, koma anandipempha kuti ndikalankhulenso ku gulupu yakutchalitchi ija chifukwa amayi ena asanu anasiya tsiku limodzi ndi iye.

Mphunzitsi wa sayansi wopuma ntchito