Pefyumu sachotsa fungo la usipa m'sutikesi

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndilankhule ndi Amalawi anzanga amene tili ku Joni kuno, makamaka pano Disembala wayandikira pomwe aliyense akutsitsa sutikesi pamwamba pa wadiropu kukonzekera ulendo wakumudzi. Ena ayiona ngati nkhani yachibwana koma amene anakwerapo basi pa Park Station akudziwa fungo limene limatuluka munthu akangotsegula zipi kuti atengemo juzi, usipa wa chaka chatha wasakanikirana ndi chinyontho komanso pefyumu amene mwiniwake wapoperamo m'mawa womwewo, mpaka oyandikana nawe kuyamba kusuzumira pawindo.

Usipa sindikuunena ayi, kuno popanda usipa, utaka ndi mfutso wochokera kwathu ena tikanadwala kalekale. Vuto ndi kalongedzedwe kathu. Amayi kumudzi amakulunga nsomba mu jumbo imodzi yopyapyala n'kuikankhira pakati pa zovala ati isaphwanyike, kenako sutikesi ija ikalowa pansi pa basi pafupifupi masiku awiri, kuchoka pa Mwanza kudutsa kutentha kwa ku Tete, Nyamapanda, kukaima maola ambirimbiri pa boda ya Beitbridge dzuwa likuswa mtengo, nde mafuta a nsomba aja amasungunuka n'kulowerera mu kansalu kam'kati ndi m'misoko monse. Tikafika timangotulutsa katundu, kutseka zipi, sutikesi pansi pa bedi mu kachipinda kakuseri kamene tikuchita lendi, chaka chonse osaitsegulanso. Mukuyembekeza kuti mununkhire bwanji?

Fungo la nsomba limachokera ku kanthu kotchedwa trimethylamine ndipo kamagonja ndi zinthu zowawasa, nchifukwa chake mukadya chambo mumasamba m'manja ndi ndimu. Pefyumu ndi za m'mabotolo zopopera zija zimangophimba kwa tsiku limodzi basi. Chofunika ndi viniga woyera wotchipa uja, mumupeza pa spaza iliyonse. Yambani mwakutumula zonse, tizidutswa ta mitu ya usipa timabisala m'makona ndi m'timatumba tam'mbali, pitanimo ndi kamswachi kakale. Tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale kuti mafuta achoke kaye, kenako sakanizani viniga ndi madzi mofanana, nyowetsani kansalu n'kupukuta paliponse. Masutikesi ambiri kansalu kam'kati kali ndi zipi yake yobisika, itseguleni mupukute kuseri kwakenso chifukwa ndi kumene mafuta amakhazikika. Fungo la viniga lisakuopseni limatha lokha ikauma.

Koma chonde abale osasakaniza viniga ndi Jik, zimatulutsa mpweya wa chlorine umene ungakupwetekeni m'chifuwa, nanji m'tizipinda tathu topanda mawindo enieni iti. Viniga ndi soda pamodzinso n'kungowononga ndalama, zimachita thovu lokongola koma zimaphana mphamvu. Soda yemwe timaphikira thelere uja amabwera pambuyo, sutikesi itauma, mumawaza m'kati n'kutseka masiku angapo kenako kukutumula.

Kuyanika nde nkhani yaikulu. Joni ali pamtunda pafupifupi mamita 1,750 ndipo nyengo yozizira, Juni mpaka Ogasiti, kumakhala kouma dzuwa lili phwee, imeneyo ndiye nthawi yabwino yoyanika sutikesi ili yasaa. Panopa ndi nthawi yamvula, itulutseni m'mawa koma ikamakwana 2 koloko muziyang'ana kumwamba chifukwa mvula yamabingu yakuno sichenjeza. Ndipo muziyanika pomwe mukuiona, kuno ndi ku Joni, mukaisiya pageti mupeza fungo lapita limodzi ndi sutikesi yomwe. Mukaitseka isanaumitsitse mwaitana nkhungu, fungo lake limenelo ndi loipa kuposa la nsomba.

Poisunga ikanimo makala angapo owotchera braai aja mu sokosi yakale, osati oyatsira onunkha parafini ayi, ndi manyuzipepala ofwanyafwanya, zipi muisiye yotsegula pang'ono. Timibulu toyera tothamangitsira njenjete tija ine sindikulimbikitsa, fungo lake limamatirira zovala ndipo mwana akatola n'kuika m'kamwa ndi poizoni.

Kwa abale kumudzi amene mumatitumizira ndiwo kudzera kwa matransipota, tikuthokoza kwambiri, koma nsomba muziika mu kabigili kapulasitiki kotseka bwino, mumange tepi pachivundikiro, kayende pakokha kutali ndi zovala. Ndipo inu amene mumabwereka sutikesi ya mnzanu popita kumudzi, muziibweza mutaitsuka, mwiniwakeyo anaigula ndi ma rand okhetsera thukuta ndipo nayenso Disembala yemweyu akufuna akafike kwawo zovala zake zisakununkha utaka wanu.

Ine wanu,
Mmalawi wa ku Rosettenville, Johannesburg