Lipoti la msonkhano wa maopaleshoni a njira ya mkodzo

Anzanga nonse, ndabwerako ku msonkhano uja munandituma ndiye ndati ndilembe ndisanaiwale. Nkhani yomwe inadya nthawi ndi ya azibambo omwe njira ya mkodzo inaphinjika ndi chipsera, kaya nchinzonono chakalekale, kaya paipi yotulutsira mkodzo inawavulaza, kaya anagwera chitsulo pakati pa miyendo, aja amakhalitsa kutoileti mkodzo ukungodontha.

Pophinjikapo pakakhala pafupi, osafika masentimita 2 komanso chakuseri kwa machende, amangodula nkulumikiza basi. Pakatalika mpamene pamafunika chigamba, ndipo mtsutso unali woti chigambacho chichokere pati.

Ambiri anagwirizana za mkati mwa tsaya. Kachikopa kakeko kanazolowera kale kunyowa, kalibe ubweya, kamagwira msanga, bala lamkamwa nalo silichedwa kupola. Anationetsa vidiyo, dokotala anayamba kaye wazungulira ndi cholembera kabowo kotulukira malovu pafupi ndi mano akumtunda kuti asakadule, atachotsa kachigambako anakayala pachala nkumadulira mafuta ndi sizasi mpaka kanapyapyala, ine ndinachita kusendera kutsogolo kuti ndione bwino. Kusokerera kwake ndi kuja kwa a Barbagli, dokotala wa ku Italy, kwa 1996, chigamba chimaikidwa kumwamba kwa njirayo kuti chitsamire pamnofu wamagazi, masiku awiri oyamba chimangoyamwa madzi a pamenepo kenako timitsempha timalumikizana. Tsaya likachepa amatenganso kunsi kwa lilime, ena kuseri kwa khutu.

Khungu la chida cha abambo limagwiranso ntchito, a Devine, dokotala wa ku America, analemba za zigamba za khungu mu 1963, koma amene anachita mdulidwe lotsala limakhala lochepa, ndipo ngati pali lichen sclerosus, matenda aja khungu limayera nkuuma, osayerekeza chifukwa amakagwiranso chigambacho. La kumachende ayi ndithu, ubweya umamera mkatimo, timiyala nkumaundana pamenepo.

Chomwe chinandikhudza ine nchakuti timangowakulitsa njira ndi zitsulo kachiwiri kachitatu mpaka kachisanu, munthu akumva ululu, pomwe chipsera chikungotalikira ndipo opaleshoni yake imadzavuta. Ndikupempha kuti zikabwereranso tiziwatumiza msanga kwa adokotala a urology, oona za matenda a njira ya mkodzo, ndipo tisanalembe kalata tiziwauza ayasamule tione mkamwa, tifunse za fodya makamaka wotafuna uja, tionenso khungu lakumaliseche. Tiziwauziratu kuti akachoka ku fiyeta paipi akhala nayo masabata awiri kapena atatu komanso masiku oyamba kudya kumavuta chifukwa cha tsayalo, asamadzadzidzimuke.