Usanachoke m'bandi yachinayi

Mwana wanga,

Amayi ako andiuza zimene munakambirana pafoni Lamlungu lija, zoti ukufuna kuchoka m'bandi imene ulimo chifukwa ena akukuitana. Akuti unawapempha kuti asandiuze kaye. Usawakwiyire, ukudziwa wekha kuti m'nyumba muno chinsinsi sichigona masiku awiri. Ndinawerenga ndi zala, ndipo ndapeza kuti kumene ukupitako ikhala bandi yachisanu pa zaka 7, osawerengera uko umakagwira ganyu wa usiku umodzi.

Mwina unkaopa kuti ndikuuza zoti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ayi. Ukanakhala woimba ndi pakamwa ndikanatero, chifukwa bandi imadziwika ndi mawu a amene ali kutsogolo, ndipo iye akamadumphadumpha anthu amasokonezeka. Woimba ng'oma ntchito yake ndi yoyendayenda kuyambira kale. Tony Allen wa ku Nigeria anayamba kuimba ndi Fela Kuti mu 1964, ndipo kugunda kumene lero timati afrobeat kunatuluka m'manja ndi m'mapazi mwake. Atasiyana naye mu 1979 sanathe ayi. Anakakhala ku London, kenako ku Paris, ndipo ali ndi zaka zoposa 60 anali m'gulu limodzi ndi Damon Albarn ndi Paul Simonon, anthu a ku England a nyimbo zosiyaniranatu ndi zimene anakula nazo. Chimbale chimene anajambula ndi Hugh Masekela chinatuluka mu 2020, patatsala milungu yochepa kuti Allen amwalire. Sly Dunbar wa ku Jamaica naye, lero ali ndi Peter Tosh, mawa Black Uhuru, mkuja Grace Jones, mpaka Bob Dylan anamuitana mu 1983. Choncho za kusamuka sindikukuletsa.

Ndipo sindingakuuze kuti ufere m'bandi imodzi ngati kuti iyo ingakufere. Woimba ng'oma Pete Best anavutika ndi anzake a bandi ya Beatles zaka ziwiri, akuimba usiku wonse m'mabala a ku Hamburg, koma mu Ogasiti 1962, zinthu zitangoyamba kuoneka bwino, anamuchotsa. Anzakewo sanamuuze okha, anatuma manijala. Ringo Starr amene analowa m'malo mwake anafika ku situdiyo mwezi wotsatira n'kupeza kuti aitananso munthu wina woti aimbe ng'oma tsiku limenelo. Mpando umene umakhalapowo ndi wotero.

Nkhawa yanga ili pa dzina lako. Gitala amaona aliyense, woimba amamujambula aliyense, koma iwe uli kumbuyo, nkhope yabisika ndi mbale zachitsulo zija. Chimene chimayenda m'malo mwako ndi dzina, ndipo limayenda pakamwa pa anthu ochepa kwambiri, omwe onse amadziwana.

Pali nkhani imene sindinakuuzepo bwinobwino. Umadziwa kuti ndinkaimba besi usanabadwe, koma sudziwa mmene ndinachokera m'bandi yanga yachiwiri. Panali patatsala masiku atatu kuti tikaimbe pamalo ena aakulu, pamene gulu lina linandilonjeza ndalama zochulukirapo usiku womwewo. Ndinavomera uku ndi uku, ndikuganiza kuti ndiona pofika tsikulo. Mapanga awiri avumbwitsa. Tsikulo litafika ndinatuma kamnyamata kukanena kuti ndadwala, ine n'kupita kwinako. Anzanga anaimba opanda besi, ndipo usiku womwewo anamva kumene ndinali. Gulu latsopanolo linatha pasanathe chaka. Patapita zaka zinayi ndinamva kuti bandi ina yabwino ikufuna wa besi, ndipo nditafika ndinapeza amene akusankha anthu ndi yemwe uja ankaimba ng'oma m'gulu ndinalithawa lija. Anandilandira bwino, anandifunsa za kunyumba, anandilola kuimba nyimbo ziwiri, n'kunena kuti andiuza. Mpaka lero akundiuzabe.

Ndiye ukafuna kuchoka, pita wekha ukamuuze mtsogoleri wa bandiyo maso ndi maso, asamve kwa wina kapena kuona chithunzi chako pa Facebook uli ndi anthu atsopanowo. Malo onse amene munalonjeza kale kukaimba, kaimbe. Amene adzalowe m'malo mwako ukhale naye pansi madzulo awiri kapena atatu, umusonyeze pamene nyimbo zimaima ndi pamene woimba amakonda kuthamanga. Ngati mtsogoleriyo ali nawe ngongole, itchule poyera tsiku lomwelo, modekha, osati kukaidandaula kwa anthu ena pambuyo pake. Ndipo ukafika kwatsopanoko akakufunsa chifukwa chimene wachokera, yankho likhale lalifupi. Amene akukufunsawo akuyesa kumva mmene udzawanenere iwo tsiku lina.

Tsopano za kulembedwa kwa dzinalo, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pamene oimba ng'oma ambiri amalira atakalamba.

Clyde Stubblefield ankaimba ndi James Brown kuyambira mu 1965. Mu Novembala 1969, akujambula nyimbo yotchedwa Funky Drummer mumzinda wa Cincinnati, anzake onse anaima n'kumusiya yekha kwa masekondi pafupifupi 20. Kachigawo kameneko anthu a hip hop anakadula n'kukaika m'nyimbo zawo, ndipo kalowa m'nyimbo zoposa 1,000. Ndikhulupirira kuti iwenso unakaphunzira uli mnyamata osadziwa mwini wake. Koma pa chimbalecho wolemba nyimbo analembedwa James Brown, ndipo Stubblefield sanalandire gawo pa kugwiritsidwa ntchito konseko. Atadwala khansa, woimba wotchuka Prince ndi amene anamuthandiza mwakachetechete kulipira kuchipatala. Anamwalira mu 2017.

Sikuti panali wakuba amene anathyola chitseko. Vuto ndi mmene umwini wa nyimbo umawerengedwera. Nyimbo imodzi ili ndi eni ake awiri: amene anapeka mawu ndi mayimbidwe ake, ndi amene ali mwini wa chojambulidwacho, yemwe nthawi zambiri ndi amene analipira situdiyo. Kagundidwe ka ng'oma kawirikawiri sikawerengedwa ngati kupeka, ngakhale kuti ndi kamene kamadzutsa anthu pamipando. Ukalandira ya tsiku limodzi n'kubwerera kwanu osasainirana kanthu, ndiye kuti zako zathera pompo, kaya nyimboyo idzalira pawailesi zaka 30. Ngakhale Tony Allen amene ndamutchula uja, zina mwa zimene zinamulekanitsa ndi Fela zinali za malipiro ndi kusazindikiridwa pa zimene ankaikamo.

Ndikudziwa kuti n'zochititsa manyazi kufunsa za ndalama pamene anzako akusangalala kuti nyimbo yatuluka bwino. Ufunse musanayambe kujambula, pamene palibe amene akudziwa ngati idzagulidwa. Kodi iyi ndi ganyu kapena ndili ndi gawo? Dzina langa lilembedwa pati? Zimene mwagwirizana zilembedwe, ngakhale mu uthenga wa pafoni, ndipo uusunge. Ngati ndiwe amene unabweretsa maganizo amene anasintha nyimbo yonse, unene tsiku lomwelo anthu onse akadakumbukira, chifukwa pakatha chaka aliyense amakumbukira kuti anali iyeyo. Ukalembetsenso ku bungwe limene limatolera ndalama za eni nyimbo, ndipo ukhale ndi kabuku kolembamo nyimbo iliyonse imene waimbamo, tsiku lake, situdiyo yake ndi amene analipo. Amayi ako akuseka pamene ndikulemba izi, akuti iwe sunasungepo kope lililonse mpaka kumapeto. Foni ija ndiye ikuthandize.

Monga munthu amene anaima pafupi ndi oimba ng'oma zaka zambiri, ndikuuzekonso ichi. Amene ndinkasangalala kuimba naye sanali wodziwa kuzungulira ng'oma zonse mothamanga. Anali amene phazi lake ndinkalidalira osamuyang'ana. Ukalowa m'gulu latsopano, masabata oyamba umvetsere kwambiri wa besi kuposa kudzimvetsera wekha, ndipo zokometsera zimene ankakuombera nazo m'manja kwakaleko uzisiye kaye pakhomo. Nditabwera kudzakuonera chaka chatha unaimba bwino, koma m'nyimbo yachitatu unadzaza paliponse pamene woimba ankafuna kupuma. Sindinakuuze tsiku lija chifukwa unali wosangalala.

Za makutu ndinena mwachidule, popeza ndinanenapo kale ndipo sunamve, mwina chifukwa chake n'chomwecho. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati phokoso la madesibelo 85 (muyezo wa kukula kwa phokoso) munthu angakhalemo maola 8, ndipo likakwera ndi 3 nthawiyo imadulidwa pakati. Pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Iwe umakhala pakati pa ng'oma maola atatu, sipika ili pambali pa khutu. Mnzanga uja anandikana ntchito ndinakumana naye pamaliro a mnzathu wina, ndipo ndinachita kufuula kuti amve moni. Akuti m'makutu mwake mumalira ngati nkhululu usana ndi usiku. Zotsekera m'makutu zopangira oimba zilipo, zimachepetsa phokoso osabisa nyimbo. Msana ndi manja uzisamalenso. Phil Collins, woimba ng'oma wa bandi ya Genesis, anafika poti sangathenso kugwira timitengo, ndipo paulendo womaliza wa Genesis mu 2021 ndi 2022 ankaimba atakhala pampando, ng'oma akuimba mwana wake Nic.

Tinakhala pansi ndi mnzangayo pamaliropo, ndipo ndinapepesa za usiku uja, patatha zaka zoposa 30. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Wati bwanji?" Ndinabwereza mokweza, anthu n'kutembenuka. Anaseka mpaka misozi.

Ukakambirana ndi mtsogoleri wa bandi yakoyo undiimbire, ndimve mmene zayendera. Undiuzenso tsiku limene udzaimbe komaliza ndi iwowo, chifukwa ine ndi amayi ako tikufuna kudzakhalapo. Akuti uwasungire malo kutali ndi sipika.

Ndine bambo ako.