Kalata ya Abusa: Za Denga la Tchalitchi Chathu ndi Nkhongole Imene Atilonjeza

Okondedwa mwa Ambuye, akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano, achinyamata ndi nonse a m'madera athu muno mu Chipata ndi m'midzi yozungulira,

Chisomo ndi mtendere zikhale ndi inu nonse.

Makoma a tchalitchi chathu chatsopano avumbwa ndi mvula zaka ziwiri tsopano, ndipo tonse mtima ukutipweteka tikawaona. Pamsonkhano wa akulu wapitawu, abale ena anabwera ndi nkhani yakuti kampani ina yobwereketsa ndalama m'tauni muno ndi yokonzeka kutipatsa ndalama zonse za zitsulo ndi malata nthawi imodzi. Tizidzabweza mwezi ndi mwezi kwa zaka zitatu, ndipo chikole chake ndi mapepala a malo a mpingo. Tinakambirana mpaka dzuwa kulowa osamvana, choncho akulu anandipempha kuti ndilembe maganizo anga kuti aliyense awerenge yekha. Awa ndi maganizo a mbusa wanu, si lamulo. Ine sindikufuna kuti tisaine pepala limenelo, ndipo chifukwa chake ndachiphunzira pa zimene dziko lathu ladutsamo.

Achikulire mukukumbukira nthawi ya Jubilee 2000, pamene mipingo inagwirizana kupempha maiko olemera kuti akhululukire nkhongole za maiko osauka. Ena a ife tinalemba maina athu pamapepala a pempholo titatuluka m'mapemphero. Nthawi imeneyo Zambia inali ndi nkhongole yakunja ya madola pafupifupi 7 biliyoni, ndipo tinali titalawa kale kuwawa kwake: makampani a boma kugulitsidwa, anthu kuchotsedwa ntchito, kulipira kuchipatala ndi kusukulu. Mu 2005, mu ulamuliro wa a Levy Mwanawasa, dziko linakwaniritsa zofunika za ndondomeko ya HIPC yochepetsera nkhongole za maiko osauka, ndipo pofika 2006 gawo lalikulu la nkhongoleyo linali litafafanizidwa. Tinaimba nyimbo zoyamika, tikumati goli lathyoka.

Sipanapite zaka khumi tisanabwerere ku nkhongole. Mu 2012 boma linakongola madola 750 miliyoni pamsika wa ndalama wa kunja, zimene amazitcha Eurobond. Mu 2014 linatenganso 1 biliyoni, mu 2015 linawonjeza 1.25 biliyoni. Chiwongola dzanja cha yoyambayo chinali 5 peresenti ndi pang'ono, koma cha yachitatu chinali chitafika pafupifupi 9 peresenti, pakuti wobwereketsa akaona kuti wayamba kulemedwa amakukwezera mtengo. Pambali pa izi panali nkhongole za mabanki a ku China zomangira misewu, mabwalo a ndege ndi malo opangira magetsi. Mu November 2020 dziko linalephera kulipira chiwongola dzanja cha madola 42.5 miliyoni, ndipo Zambia inakhala dziko loyamba mu Africa kugwa motere m'nyengo ya Covid-19.

Pali chinthu chimodzi apa chimene ndikufuna alimi anzanga muchimvetse. Nkhongole zija zinali za madola, pamene ife timakolola makwacha. Mu 2012 dola imodzi inali pafupifupi K5 mwa ndalama za lerozi, koma pofika kumapeto kwa 2020 inali itadutsa K20. Zili ngati munthu amene anakongola thumba limodzi la chimanga, tsiku lobweza n'kumuuza kuti abweretse matumba anayi, pepala lili lomwe lija. Mtengo wa kopa ukatsika, madola olowa m'dziko amachepa, koma tsiku lolipira silisuntha.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti kukongola ndi tchimo, ndipo sindikulemba za chipani chilichonse. Amene munayendapo ulendo wa ku Lusaka kale, basi ikulumpha maenje usiku wonse, mukudziwa kusiyana kwake lero. Msewu wa Great East kuchokera pa mlatho wa Luangwa mpaka pa Mwami unakonzedwa ndi ndalama za European Union, European Investment Bank, African Development Bank ndi anzawo, zina zamphatso, zina zankhongole. Pamsewu umenewo pamadutsa nshawa zathu, soya, thonje ndi fodya, pamadutsanso odwala opita ku St Francis ku Katete. Umenewo ndi msewu umene ukugwira ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo ngakhale timang'ung'udza pa toll gate, timaona chimene tikulipirira. Njanji ya TAZARA, imene a ku China anatimangira pakati pa 1970 ndi 1975 ndi nkhongole yopanda chiwongola dzanja, inatipatsa njira ya ku Dar es Salaam pamene njira ya kummwera inali yotsekeka chifukwa cha ulamuliro wa Ian Smith ku Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe. Nchifukwa chake sindigwirizana ndi amene amaloza chala dziko limodzi lokha. Eni Eurobond ambiri ali ku London ndi ku New York, ndipo chiwongola dzanja chawo sichinali cha chifundo.

Koma si chomangidwa chilichonse chimene chimabweza ndalama. Njanji yathu ya Chipata mpaka Mchinji inayambidwa mu 1982, n'kudzatsegulidwa mu 2010 ndi a Rupiah Banda, tikuyembekeza kuti katundu wathu azipita ku doko la Nacala. Ndifunse: ndani mwa inu amene matumba ake anakwerapo sitima imeneyo? Nyumba yatsopano ya pabwalo la ndege la Kenneth Kaunda ku Lusaka inadya madola 360 miliyoni a nkhongole. Ndi yokongola ndithu, ndinaiona ndi maso anga poperekeza mlendo. Agogo a ku Vubwi sadzalowamo mwina moyo wawo wonse, koma akugula sopo ndi mchere amaperekapo msonkho wobwezera. Ngakhale malo opangira magetsi a Kafue Gorge Lower, a mamegawati 750, amene ndi ofunika zedi, chilala cha 2024 chinatikumbutsa kuti amadalira mvula. Madzi atachepa tinagona mumdima, nkhongole ili chilili.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chinsinsi. Mu 2021 mpamene tinamva kuti nkhongole ya kwa obwereketsa a ku China inali yoposa madola 6 biliyoni, pafupifupi kawiri chiwerengero chimene chinkatchulidwa kale. Olipira ake sanaone mapepala. Kuti zinthu zikonzeke panatenga zaka: bungwe loona za ndalama padziko lonse la IMF linavomera thandizo la madola 1.3 biliyoni mu August 2022, maboma amene tinawakongola anagwirizana ku Paris mu June 2023 zotalikitsa nthawi yobwezera madola 6.3 biliyoni, ndipo eni Eurobond anavomera mu 2024. Dziwani kuti gawo lalikulu la nkhongoleyo silinafafanizidwe monga mu 2005. Langokankhidwira kutsogolo, ndipo ana amene ali mu Sande sukulu lero ndiwo adzamalize kulipira. Lamulo la 2022 loyendetsera nkhongole za boma likuti aphungu a Nyumba ya Malamulo azivomereza ndondomeko ya kukongola. Phungu wanu akabwera kumaliro kapena pamsonkhano, muli ndi ufulu womufunsa mwaulemu kuti wavomereza chiyani m'dzina lanu.

Werengani Nehemiya 5 sabata ino. Anthu anali pakati pa ntchito yabwino, yomanga linga la Yerusalemu, koma kunabuka kulira. Ena anali atapereka minda ndi nyumba zawo chikole kuti apeze chakudya m'nthawi ya njala, ena anakongola kuti alipire msonkho wa mfumu, mpaka ana awo aakazi kutengedwa ukapolo. Nehemiya sananene kuti tonthola, linga likatha zonse zidzakhala bwino. Anaitanitsa msonkhano waukulu, nkhani n'kuikamba poyera.

Tsopano tibwerere ku denga lathu. Msewu umanyamula katundu n'kubweza ndalama, koma denga la tchalitchi silibala ngwee ngakhale imodzi. Tidzabweza kuchokera m'chopereka, ndipo chopereka chathu chimatsata zokolola. Asungichuma angakuuzeni mmene mbale imapepukira kuyambira January mpaka March, pamene ndalama zapita ku feteleza ndi zofunika za kusukulu, nkhokwe zili pansi. Wobwereketsa sadziwa mwezi wa njala. Mvula ikadzatichita ngati ya 2024 tidzatani? Tidzayamba kulalikira za ndalama Lamulungu lililonse, amasiye azidzachita manyazi kubwera kutchalitchi chimanjamanja, ndipo thumba lothandizira odwala ndi maliro ndilo lidzayambe kudyedwa, monga mmene mankhwala anasowera m'zipatala dziko likulipira nkhongole. Ndawerenga pepalalo kawiri. Tikaphonya miyezi itatu, malo amene makolo athu anapempha kwa mfumu akhoza kugulitsidwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Abale amene anabweretsa ganizoli ndimawalemekeza, ndipo mfundo yawo ndi yoona: mitengo ya malata ikukwera chaka ndi chaka, ndipo makoma akapitiriza kunyowa adzang'aluka. Ine ndikuti tifolere m'zigawo. Masika a chaka chino onse apite ku zitsulo ndi malata a mbali ya kuguwa, dera lililonse lilime munda umodzi wa soya kapena mpendadzuwa wa denga, ndipo ana athu amene ali ku Lusaka ndi ku Copperbelt tiwalembere. Pamwamba pa makoma otsalawo amisiri athu aikepo simenti yoteteza mvula isanayambe. Zidzachedwa, mwina zaka zitatu zomwezo.

Ndikudziwanso kuti ena mwa inu muli kale m'manja mwa akaloba, obwereketsa ndalama pa chiwongola dzanja chachikulu, ena makadi anu a kubanki akusungidwa ndi munthu wina. Musabise mpaka katundu atatengedwa. Bwerani kunyumba ya abusa Lachitatu masana, kapena uzani mkulu wa dera lanu, tione pamodzi pothawira.

Msonkhano wa mpingo wonse udzakhala Lamulungu lachiwiri la mwezi wa mawa, tikangotuluka m'mapemphero. Mlembi adzawerenga pepala la nkhongolelo mokweza, mzere ndi mzere, n'kulimasulira m'Chichewa, ndipo asungichuma adzabweretsa mabuku a chopereka a zaka zitatu zapitazi. Amayi ndi achinyamata, musasiyire abambo okha. Chimene mudzasankhe, ine ndidzatsata.

Moni kwa odwala onse ndi kwa amene ali pa maliro.

Ine wanu mu utumiki wa Ambuye,
Mbusa wa mpingo