Kwa a bungwe la madzi: mapuloti akugulitsidwa, nanga mapaipi ali kuti?

Mabwana a bungwe logawa madzi mumzinda muno, ndalemba pano poyera chifukwa kuofesi kwanu yankho silisintha: "dera lanulo silinali mu pulani yathu." A khonsolo nawonso ndawaitana pa tsamba lomweli kuti muwerengere limodzi, poti tikakupezani payekhapayekha mumangotitumiza kwa anzanu.

Dera lomwe ndikunenali si la anthu omanga mwachisawawa. Mapuloti anadulidwa ndi asaveya, mabikoni alipo, mapulani a nyumba tinakapereka ku khonsolo ndipo anadindidwa titalipira. Msonkho wa malo amatilipiritsa osaphonya. Nyumba zake ndi za bafa ndi chimbudzi cha m'nyumba, chifukwa ndi zomwe anatiuza kuti zimaloledwa kuno. Ndiye taganizani, mabwana: ine lamulo linandikakamiza kumanga chimbudzi chogejemula, koma palibe amene linamukakamiza kubweretsa madzi ogejemulirawo.

Madzi ochepa omwe tili nawo tinachita kudzikokera tokha. Munatiuza kuti paipi yaikulu inathera patali, tikafuna madzi tisonkherane tigule mapaipi ndi kukumba ngalande. Tinasonkha, anyamata anakumba, inu munabwera kudzalumikiza, ndipo kuyambira tsiku lomwelo mapaipiwo anakhala anu. Pamenepo sitinadandaule. Chomwe chikutiwawa n'choti pa kapaipi komweko, komwe tinagulira nyumba zochepa zomwe zinalipo nthawi imeneyo, mwakhala mukulumikiza aliyense wobwera ndi ndalama yake. Nyumba zachuluka, zina ndi za lendi zokhala mabanja angapo, kwabwera sukulu ya mkaka, kwabwera otsuka magalimoto, paipi ndi yomwe ija. Zotsatira zake aliyense akuzidziwa. Madzi amafika pakati pa usiku, a kumunsi n'kutunga, a kumtunda n'kumangomva mpope ukulira mpweya. Mpweyawo umazunguza mita, ndipo pakutha pa mwezi bilu imabwera ngati ya munthu wothirira dimba. Amayi m'dera lino sagona tulo tokwanira, amagona khutu lili kumpope. Masana mudzaona akabaza atanyamula zigubu m'malo mwa anthu, ndipo chigubu chimodzi cha kwa ogulitsawo n'chodula kuposa madzi omwewo atadutsa pa mita yanu.

Musaganize kuti sindikudziwa kuti madzi a mumzinda ndi ntchito yolemera. Blantyre amamwa madzi opopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, kukwera nawo mtunda wautali, ndipo magetsi akathima nawonso madzi amaima. Lilongwe amadalira Kamuzu Dam yoyamba ya mu 1966 ndi yachiwiri ya mu 1989, pamene nkhalango ya Dzalanyama komwe mtsinje wa Lilongwe umachokera yakhala ikutha ndi makala. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo mzinda wa Lilongwe wokha unali pafupi kukwana miliyoni imodzi. Za ntchito yokoka madzi a m'nyanja ya Malawi kuchokera ku Salima kupita ku Lilongwe tamva kwa zaka zambiri. Zonsezi n'zoona. Koma kuchepa kwa madziko ndiye chifukwa chenicheni chowerengera kaye musanalole kuti munda wina usanduke mapuloti mazana. Walira mvula walira matope: amene akufuna makasitomala atsopano avomerenso thanki ndi paipi yaikulu yomwe makasitomalawo akufunika.

Lamulo liliponso. Physical Planning Act ya 2016, yomwe inalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act ya 1988, imati chitukuko cha pa malo chiziyamba chavomerezedwa, ndipo inu ndinu amodzi mwa mabungwe asanu a madzi omwe amayenda pansi pa Waterworks Act ya 1995. Funso langa ndi losavuta. Pamene pulani yodula mapuloti a dera lathu inkavomerezedwa, inu munafunsidwa? Ngati munafunsidwa n'kuvomera, paipi yomwe munavomerayo ili kuti? Ngati munakana koma a khonsolo anadindabe, tiuzeni poyera, tidziwe khomo loyenera kugogoda. Ngati simunafunsidwe n'komwe, n'chifukwa chiyani mumalandira ndalama yolumikizira madzi m'dera lomwe mukuti simukulidziwa? Pa kauntala yolipirira dera lathu limadziwika bwino, limangosowa pa mapu tikafunsa za paipi.

Chinanso chomwe chikundidetsa nkhawa ndi zitsime. Anthu atatopa, ambiri akumba zitsime kuseri kwa nyumba. Azaumoyo amalangiza kuti chitsime chitalikirane ndi chimbudzi mamita osachepera 30, koma pa mapuloti ang'onoang'ono omwe akudulidwa masiku ano mtunda umenewo muupeza kuti? Ukatalikira chimbudzi chako, wayandikira cha aneba. Kuno kulibe paipi ya zonyansa, nyumba iliyonse ili ndi dzenje lake, ndipo dzinja likafika madzi a pansi amasakanikirana. Sipanapite nthawi yaitali chichitikireni mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu January 2023. Wina akafuna kuboola mjigo wozama, mumamuuza kuti m'dera lanu sizololedwa popanda chilolezo. Chabwino, lamulo ndi lamulo. Nanga munthuyo amwe chiyani?

Sindikupempha bawuza, galimoto ija yonyamula madzi. Bawuza imabwera tsiku lomwe taphokosera, kenako zii. Ndikupempha kuti munthu kapena kampani yodula mapuloti isaloledwe kugulitsa ngakhale imodzi isanaonetse kalata yanu yonena kuti madzi afika, adzera paipi yanji, ndipo aiyala ndani. Ngati ndi wogulitsayo, ayale kaye, mtengo wake aphatikize pa puloti, kusiyana n'kuti atolere ndalama, asowe, ife titsale tikusonkherana. Madobadoba akutsatsa malo pa Facebook ndi mawu oti "madzi ali pafupi," ndipo wogula alibe pofunsa kuti kufupiko n'kuti. Mapu oonetsa madera omwe muli ndi paipi yaikulu, ndi omwe mukufuna kufikako zaka zikubwerazi, mungathe kuwaika pa tsamba lomweli pomwe mumaika mayina a odulidwa madzi ndi zikumbutso za mabilu.

Za dera lathu, bwerani mukumane ndi akhansala, mabuloko lida ndi ife eni nyumba, mudzayeze mphamvu ya madzi kumtunda masana, osati usiku. Mutiuze ngati paipi yaikulu ili mu bajeti ya chaka chino kapena ayi, ndipo pakadali pano lekani kulumikiza nyumba zatsopano pa kapaipi kaja. Mabilu a mpweya nawonso muwaunikenso.

Chonde musandiyankhe kuti nditumize nambala ya mita ku inbox. Nambala ya mita muli nayo kale, ndipo vutoli si la nyumba yanga yokha. Yankhani pompano, aneba anga nawonso akuwerenga.